Bala Likapola, Mwana Abwerere Kusukulu

Nyengo yozizira yafikanso, ndipo ife a m'chipatala timadziwa zimene June ndi July amabweretsa. Mbaula zalowa m'nyumba, ana akuunjikana pamoto m'mawa, madzi osamba akuphitsidwa, ndipo mabedi a ana opsa ayamba kudzaza. Chaka chilichonse ndimakukumbutsani za chithandizo choyamba: thirani madzi ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba, kenako thamangirani kuchipatala. Lero ndikufuna tikambirane za nthawi imene tonse timaiwala, mwana uja akatuluka m'chipatala n'kufika kunyumba.

Ndiyambe ndi kulakwitsa kwanga. Zaka zingapo zapitazo, m'wodi ina imene ndinkagwiramo ntchito munagonekedwa mtsikana wa zaka 9, wa Sitandade 3. Diresi lake linagwira moto akuwotha pambaula m'mamawa. Anapsa pachifuwa, pakhosi, m'khwapa ndi mkono wamanja. Anakhala nafe pafupifupi miyezi itatu. Anamuchita opaleshoni kawiri, yotenga khungu pantchafu n'kulimata pabala, imene timati skin graft. Tsiku lotuluka amayi ake analira ndi chimwemwe, ifenso tinasangalala kuti tapulumutsa moyo. M'buku lake la kuchipatala ndinalembamo mankhwala, tsiku lodzabweranso, ndi kuti azipaka Vaseline. Za sukulu sindinalembe chilichonse. Sindinafunse n'komwe.

Patatha chaka ndi miyezi inayi ndinakumana nawo pamzere wa odwala. Mkono wa mwana uja sunkakwera kupitirira phewa, khwapa linali litamatana, ndipo chibwano chinkakokekera pachifuwa. Ndinafunsa kuti ali Sitandade chani tsopano. Amayi aja anayang'ana pansi, nati, "Anamwino, sanapitenso. Timadikira kuti zipserazi zizilale kaye." Anzake anali atafika Sitandade 5, iye ankangokhala m'nyumba kulera mng'ono wake. Amayi aja sindiwaimba mlandu, ankateteza mwana wawo m'njira imene ankaidziwa. Woyenera kuwauza ndinali ineyo.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa. Kubwerera kusukulu ndi mbali ya chithandizo cha mwana wopsa, mofanana ndi kutsuka bala ndi kupanga mafizo. Mabala akatsekeka ndipo adokotala avomereza, mwana abwerere m'kalasi pasanathe masabata ambiri, ngakhale chipsera chikadali chofiira, ngakhale akuvalabe splint. Ndikudziwa kuti makolo ena simugwirizana nazo, ndipo zifukwa zanu ndazimva kambirimbiri m'wodi. Ndiyesa kuziyankha.

CHIPSERA SICHIDIKIRIKA

Chipsera cha moto chimatenga chaka chimodzi mpaka ziwiri kuti chikhwime. M'miyezi yoyamba chimakhala chofiira kapena chakuda kwambiri, chotukuka, cholimba ndi choyabwa. Bala limene latenga masabata opitirira atatu kuti lipole nthawi zambiri limasiya chipsera chotere. Chikakhwima chimafewa, chimatsika, mtundu wake umazilala pang'ono, koma sichichoka. Choncho kholo limene likudikira kuti khungu libwerere mwakale ndiye mwana apite kusukulu likudikira tsiku limene silidzafika. Pamene likudikirapo, materemu akudutsa.

Chinanso n'chakuti miyezi yoyamba yomweyi ndi imene imagamula ngati mwana adzalumala kapena ayi. Khungu lopsa kwambiri likamachira limakokana. Mwana amapinda mkono kapena mwendo chifukwa ndi mmene sakumvera ululu, ndipo chipsera chimauma mmene wapindiramo. Malo oopsa ndi pakhosi, m'khwapa, pachigongono, m'zala ndi kuseri kwa bondo. M'mera mpoyamba: zimene mafizo angateteze m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, pambuyo pake zimafuna mpeni wa dokotala.

Kunyumba ntchito ndi iyi. Mafizo amene anakuphunzitsani apangidwe tsiku lililonse, kangapo patsiku, ngakhale mwana alire. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumva mwana wako akulira m'manja mwako, koma chisoni cha lero chimabala chilema cha mawa. Ngati anapatsidwa mankhwala opha ululu, amwe kaye, mudikire pang'ono, ndiye muyambe. Splint, kachipangizo kowongola chiwalo kaja, avale monga anakuuzirani, makamaka usiku. Mwana amene anapsa kutsogolo kwa khosi asagonere pilo, chifukwa pilo imapinditsa khosi mbali imene chipsera chikukokera. Tikitani chipsera ndi Vaseline kawiri kapena katatu patsiku, mokanikiza ndi chala, pamalo pokhapo pamene patsekeka. Amene anapeza zovala zothina zokanikiza chipsera, ma pressure garment, amavala maola 23 patsiku, kuvula posamba pokha. Ndipo chakudya musachepetse poti watuluka. Thupi likumangabe, likufuna mazira, nyemba, usipa, soya ndi phala lothira nsinjiro.

SUKULU IMATHANDIZA THUPI NDI MTIMA

Mwana wokhala m'nyumba sasuntha mokwanira. Amakhala pamphasa mkono uli chipindire, ndipo aliyense amamuchitira chilichonse pomumvera chisoni. Wa kusukulu amayenda m'mawa ndi masana, amagwira pensulo, amakweza dzanja kuti ayankhe, amalemba pabolodi. Mtsikana amene amakana kukweza mkono tikamupangitsa mafizo, pa fulaye amaukweza yekha osazindikira. Sindikunena kuti sukulu ilowe m'malo mwa mafizo, ayi. Zonse ziwiri ziziyendera limodzi.

Palinso bala lina limene ife sitimanga bandeji. Ana ambiri opsa amadzidzimuka kutulo, amaopa moto ndi fungo la utsi, ena amayambiranso kukodza pogona, ena amangokhala duu kapena kupsa mtima ndi zazing'ono. Mwana wotere amafuna moyo wake wakale ubwerere: belu la m'mawa, anzake, aphunzitsi omuitana dzina lake. Tikamubisa m'nyumba, tikamuthamangitsira kuchipinda alendo akabwera, timamuuza popanda mawu kuti maonekedwe ake ndi ochititsa manyazi. Mwana amakhulupirira zimene makolo ake akumuonetsa. Ndipo akachedwa kubwerera, kubwererako kumavutirabe. Anzake apita patsogolo, iye wakula, akuchita manyazi kukhala ndi tiana ting'onoting'ono, mapeto ake sukulu ija yathera pomwepo.

"KOMA AKAMUSEKA"

Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene makolo amandipatsa, ndipo sindikunamizani, n'zoona. Adzamuyang'anitsitsa. Ena adzamupatsa mayina, ndinamvapo mwana akutchedwa kanyenya. Koma tiganize bwino. Akakhala kunyumba chaka chathunthu, tsiku limene adzapite adzamuyang'anabe, ali ndi chipsera chomwecho, kuphatikizapo manyazi obwereza kalasi. Tsiku loyamba silithawika. Chimene tingachite ndi kulikonzekera.

Ana amanyoza kwambiri chinthu chimene sakuchimvetsa. Choncho kholo lipite kaye lokha kukaonana ndi aphunzitsi aakulu komanso aphunzitsi a kalasi ya mwanayo, sabata imodzi asanayambe. Aphunzitsi alankhule ndi kalasi mwana asanafike: mnzanu anapsa ndi moto, anali m'chipatala, wachira, khungu lake lasintha koma ndi yemwe uja, zipsera sizipatsirana, mutha kumugwira dzanja ndi kudya naye. Alole ana afunse mafunso awo tsiku limenelo, mwiniwake palibe. Koma musanachite izi mufunseni mwanayo zimene akufuna kuti zinenedwe ndi zimene sakufuna. Nkhaniyi ndi yake.

Kunyumba muphunzitseni yankho lalifupi loti azipereka akafunsidwa: "Ndinapsa ndi moto, pano ndinachira." Yeserani limodzi mpaka azitha kulinena mutu uli m'mwamba. Itanani mnzake mmodzi kapena awiri adzacheze naye asanayambe sukulu, kuti tsiku loyamba asalowe pageti yekha. Ngati amatopa msanga, ayambe ndi kuweruka pa buleki kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kuphimba chipsera kapena kuchisiya poonekera asankhe yekha, kupatula pofuna kuteteza kudzuwa. Ndipo madzulo musangofunsa kuti zayenda bwanji, chifukwa ayankha kuti bwino. Funsani kuti wasewera ndi ndani, wakhala pafupi ndi ndani, alipo amene wamunena.

KWA INU APHUNZITSI

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi ana opitirira 100 m'kalasi imodzi. Sindikukupemphani kuti mukhale anamwino. Zimene mwanayu akufuna n'zochepa ndipo sizilira ndalama.

1. Mthunzi. Chipsera chatsopano chimapsa msanga ndi dzuwa n'kuda kwambiri. Kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo muloleni avale chipewa ndi malaya a manja aatali, ngakhale sizikugwirizana ndi yunifolomu. Pa asembule kapena pophunzirira panja akhale pamthunzi.

2. Madzi. Khungu lopsa kwambiri ndi lomatidwa silituluka thukuta bwinobwino, choncho mwana amene anapsa malo aakulu amatenthedwa msanga, makamaka mu October ndi November. Akhale ndi botolo la madzi pafupi.

3. Kuyabwa. Mukamuona akudzikanda si mphere. Muloleni apake Vaseline pa buleki. Mankhwala ena oletsa kuyabwa, monga Piriton, amagonetsa, ndiye akamasinza m'kalasi funsani kaye musanamupatse chibalo.

4. Pokhala. Amene anapsa miyendo kapena matako amavutika kukhala pansi nthawi yaitali. Ngati m'kalasi muli desiki imodzi yokha, ikhale yake.

5. Kulemba. Ngati zala zinapsa, kulungani pensulo ndi kansalu kuti inenepe, imagwirika mosavuta. Mupatseni nthawi yowonjezera, ndipo zina ayankhe pakamwa. Ngati ali Sitandade 8, aphunzitsi aakulu adziwitse a MANEB nthawi yolembetsa mayeso, osati tsiku lolemba.

6. Masewera. Musamukhazike pambali ngati dzira. Pokhapokha adokotala ataletsa, asewere ndi anzake, asese nawo, aimbe nawo. Chokhacho, chikwapu chisafike pachipsera, ndipo wonyoza mnzake adzudzulidwe tsiku loyamba lomwelo, chifukwa kalasi imaonera kwa inu.

Ngati patsala kabala kakang'ono kosatsekeka, kamangidwe bandeji yoyera ndipo mwana apite. Bala lalikulu lotseguka, lotuluka mafinya, kapena mwana akutentha thupi, ameneyo malo ake ndi kuchipatala kaye.

MWANA WA KHUNYU

Ana ena amene timalandira amapsa chifukwa anagwera pamoto khunyu itawagwira. Amenewa ndi amene amapsa mozama, chifukwa samva kutentha panthawiyo, ndipo nthawi zina anthu amaopa kuwachotsa poganiza kuti atengera matendawo. Akachira amasalidwa pawiri, chifukwa cha chipsera ndi chifukwa cha khunyu. Ndinene momveka: khunyu sipatsirana, kaya pomugwira, kaya ndi thovu la mkamwa. Komanso chikhulupiriro chakuti wa khunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sangathandizikenso n'chabodza. Mankhwala alipo m'zipatala zathu, ndipo akamamwa tsiku lililonse osadumphitsa, ambiri kugwa kumachepa kapena kusiyiratu. Mwana wotere apite kusukulu. Aphunzitsi adziwe kuti akagwa amuchotsere zinthu zomupweteka, asamuike kanthu mkamwa, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke chammbali. Kumene kumaphikidwa phala la kusukulu, asayandikire ku moto ndi kumiphika, mnzake amutengere.

UFULU NDI NDALAMA

Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Palibe pamene panalembedwa kuti kupatula wa zipsera. Sukulu ilibe mphamvu yobweza mwana poti maonekedwe ake akuopsa anzake.

Vuto lenileni nthawi zambiri ndi m'thumba. Banja limene ladikirira wodwala miyezi itatu limabwerera litagulitsa mbuzi, geni itagwa, mwina yunifolomu ndi imene inapsa ija. Apa ndi pamene amayi a Mother Group, a komiti ya sukulu, a mpingo, a mzikiti ndi mafumu akufunika. Tinkapita kukazonda kuchipatala ndi mabasiketi, tisaleke pamene watuluka. Makope asanu, botolo la Vaseline, chipewa ndi ndalama ya thiransipoti yopitira ku mafizo zitha kusunga mwana pasukulu.

Ndiwonjezere chowawa chimodzi. Pali ana ena amene amabisidwa chifukwa amene anawawotcha ndi wa m'nyumba momwemo, poti anaba ndiwo kapena ndalama. Mphunzitsi, mwana akasowa m'kalasi ndipo mwamva kuti anapsa, mutsatireni. Mukakayikira nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena dziwitsani a zachisamaliro cha anthu ndi apolisi.

KWA IFE A ZAUMOYO

Anamwino anzanga, madokotala, a mafizo ndi alangizi a zaumoyo, chala ichi chikuloza ife. Timawerenga kuti tapambana mwana akatuluka wamoyo bala litatsekeka. Koma ngati mwanayo patatha chaka sakukweza mkono ndipo wasiya sukulu, ntchito yathu inathera panjira. Mudzati odwala ndi ambiri, manja ndi ochepa. Ndikudziwa, inenso ndagwirapo usiku ndekha wodi yodzaza mpaka pansi. Komabe pali zinthu zitatu zimene sizitenga mphindi khumi.

Choyamba, funsani za sukulu mwana akangoyamba kupeza bwino. Owadikirira abweretse makope ndi mabuku m'wodi, ndipo ngati n'kotheka aphunzitsi atumize ntchito pa WhatsApp. Mwana amene akuwerenga ali pabedi amadziwa kuti akubwerera. Chachiwiri, potuluka tisangonena kuti muzipanga mafizo. Mayi kapena bambo apange ife tikuona, mpaka manja awo azolowere. Chachitatu, tilembe kalata yopita kwa aphunzitsi aakulu. Theka la tsamba ndi lokwanira: tsiku limene mwana angayambe, zimene angathe kuchita, zimene ayenera kupewa, masiku amene adzajombe pobwera kuchipatala, ndi chiganizo chimodzi chakuti zipserazi sizipatsirana. Kalata ya chidindo cha chipatala imatsegula zitseko zimene mayi wa kumudzi payekha sangatsegule.

MUBWERERE LITI KUCHIPATALA

Makolo, musadikire tsiku lolembedwa m'buku mukaona izi: chipsera chang'ambika kapena chatuluka matuza osapola, bala likutuluka mafinya, chiwalo chimene chinkawongoka chayamba kukanika, splint yathina kapena ikumutupula, diso kapena pakamwa sipakutsekeka bwino, kapena mwana wasiya kudya, kugona ndi kucheza. Kumbukiraninso kuti mwana amakula koma chipsera sichitambasuka mofanana ndi thupi. Mkono umene uli bwino ali ndi zaka 6 utha kuyamba kukoka ali ndi zaka 12, choncho azionedwa mpaka atasiya kukula.

Ngati chiwalo chakokana kale, musataye mtima n'kunena kuti ndi mmene Mulungu anafunira. Pali opaleshoni yomasula. Yambirani pachipatala chanu cha boma kuti akulembereni kalata. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mawodi a anthu opsa, ndipo cha Beit CURE ku Blantyre chimachita maopaleshoni otere kwa ana. Koma dziwani kuti pambuyo pa opaleshoni mafizo ndi splint zimayambiranso, apo ayi chipsera chimakokanso.

Mtsikana uja tinamutumiza ndipo anamumasula khwapa ndi khosi. Ulendo uno kalata ndinalemba. Anabwerera ku Sitandade 3, kukakhala ndi ana ocheperapo ndi zaka ziwiri. Sabata yoyamba analira, tsiku lina anakana kupita, amayi ake anamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Nditamuona komaliza anandionetsa kope lake la masamu, mkono ukukwera mpaka pamutu. Ndinasangalala, koma ndinadziwanso kuti zaka ziwiri zija ndi opaleshoni yachitatu ija mwina zikanapeweka ndikanafunsa funso limodzi tsiku lotuluka.

Ndiye funsolo ndikusiyirani inu. M'mudzi mwanu, m'dera lanu, kutchalitchi kwanu, kodi kuli mwana amene anapsa ndipo simukumuonanso atanyamula makope? Pitani mukacheze ndi makolo ake mwaulemu, osawaweruza, muwawerengere zimene mwawerengazi. Ngati muli ndi m'bale wanu mphunzitsi, mutumizireni. Sukulu zikamatsegulira mu September, mwana ameneyo akapezeke pamzere ndi anzake.

Samalani ndi mbaula m'nyengo ino.